Ntchito ya pa Wailesi Sanenerera

Ndiyambe ndi kunena kuti mpaka lero ndikadali wokwiya. Kunyumba akuti nkhaniyi ndizingoiseka, ndipo ndimaseka ndithu, koma ndi mano okha. Mukamva wina pa msika wa Kariakoo akunena kuti ntchito ya pa wailesi ndinaitaya ndekha, muuzeni adikire kaye amve mbali yanga. (Mukaimva mbali yangayo mwina mugwirizana naye, koma zimenezo n'zanu.)

Ine shopu ndilibe, katundu ndilibe, koma ndimagulitsa chilichonse. Kuno ku Dar amatitcha mawinga. Kwathu akanati adobadoba. Mayi akatsika basi kuchokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, Chiswahili chake chikuthera pa moni, amapeza ine. Ndimamulowetsa m'tinjira ta pa Kariakoo timene ngakhale dzuwa limasochera, kumupezera zitenje, nsapato, mapoto, masipeyala a njinga yamoto, kenako n'kumunenerera mtengo mpaka mwini shopu agwire mutu. Ndachita zimenezi zaka khumi ndi zinayi. Kwa ine mtengo woyamba si mtengo, ndi moni chabe. Umayankha moniwo, kenako n'kuyamba nkhani.

Koma maondo sanenerereka. Tsiku lonse kuponda, kuzemba ngolo zokankha, kukwera masitepe a magodauni osungiramo katundu uli ndi mtolo wa eni ake paphewa. Amake Chisomo, akazi anga, anali atayamba kale nyimbo yawo: "Bambo a Chisomo, mudzathamanga mpaka liti? Pezani ntchito yokhala pansi, ya kutha kwa mwezi, ana asamadye molingana ndi mmene kwachera ku Kariakoo." Ndinkawayankha kuti ntchito zokhala pansi zili ndi eni ake amapepala, koma mumtima ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Ndiye tsiku lina ndili ku Kurasini, kukakweza katundu wa kasitomala pa lole yopita ku Blantyre, dalaivala anandionetsa uthenga pafoni yake. Kawailesi kena ka m'tauni muno kakufuna kuyambitsa pulogalamu ya Chichewa, ola limodzi m'mawa uliwonse, ya madalaivala, amalonda ndi Amalawi okhala kuno. Akufuna munthu wodziwa Chichewa ndi Chiswahili, wa mawu omveka, wosachita manyazi ndi anthu. Ndinawerenga kawiri. Chimene anangoiwala n'kulemba dzina langa pansi pake.

Kalata ndinailemba tsiku lomwelo. Pofotokoza zimene ndinagwirapo, ndinalemba kuti ndakhala ndikuulutsa mawu pa Kariakoo kwa zaka zambiri popanda chimkuzamawu, ndipo palibe anadandaulapo kuti sakundimva. (Musaseke. Mzere umenewu ndi umene unandiitanitsa.) Patapita sabata ndi theka foni inalira: ndibwere Lolemba m'mawa.

Masiku otsalawo ndinawagwiritsa ntchito bwino. Kunyumba ndinkawerenga mokweza chilichonse cholembedwa, kuyambira paketi ya sopo mpaka kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, mpaka ana anayamba kukadyera panja. Pa Kariakoo ndinatsanzika mawinga anzanga mmodzimmodzi. Ndinawauza kuti asade nkhawa, sindidzawaiwala, ndizidzawapatsa moni pa wailesi Lachisanu lililonse malinga akhale ndi khalidwe. Makasitomala anga awiri okhazikika ndinawagawiratu kwa mnzanga wina, ngati munthu wogawa chuma asanafe.

Lolemba ndinavala jekete langa la ukwati, lobiriwira ngati tsamba la nthochi, la mabatani agolide. Kutentha kwa Dar mukukudziwa. Pofika pageti ndinali nditapsa ngati mbatata ya m'phulusa, koma ndinkaoneka ngati munthu. Wailesiyo ili pansanjika yachitatu ya nyumba ina yakale. Mlonda wa pageti, mkulu wina wa ndevu zaimvi, anandilembetsa dzina n'kundilozera masitepe.

Pamwambapo anandilandira ndi Bi Zuhura, mkulu wa mapulogalamu, mayi wamtali wa magalasi, wofunda mpango kumutu, wolankhula mosathamanga. Tinkalankhula Chiswahili chokhachokha. Anandilowetsa m'situdiyo, kachipinda kozizira ngati firiji, kundiveka mahedifoni, n'kundipatsa pepala la nkhani kuti ndiwerenge m'Chichewa. Ndinawerenga. Kenako anati tiyerekeze kuti dalaivala waimba foni, wakhala masiku atatu pa boda mapepala akusowa, ndimuyankha bwanji. Abale anga, apa ndiye anandifikitsa kwathu. Ndinamutonthoza dalaivala wongopekayo, kumuseketsa, kumuuza khomo loyenera kugogoda ndi loyenera kulilambalala, mpaka kumuperekera moni kwa akazi ake ku Ntcheu. Mayiwo ankangogwedeza mutu kuseri kwa galasi. Ndinati mumtima, awa akungomvera kukoma kwa mawu basi, ngati munthu womvera nyimbo ya chinenero cha eni.

Titabwerera muofesi mwawo anavula magalasi. "Mawu muli nawo," anatero. "Ndi anthu mumatha. Tikufuna muyambe pa wani mwezi wa mawa." Kenako anatchula malipiro.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa amake Chisomo adzawerenga. Ndalamayo inali yabwino. Inkaposa imene ndimapeza mwezi umene Kariakoo wandikomera mtima, ndipo iyi inali yobwera mwezi ndi mwezi, kaya mvula kaya dzuwa, pa ntchito yokhala pampando wofewa m'chipinda chozizira. Mtima unati vomera. Maondo onse awiri anati vomera. Koma pakamwa panga pali ndi boma lakelake.

Ndinaseka. Kuseka kwa pa Kariakoo kuja, kotulukira m'mphuno, kosonyeza kuti wamva nthabwala yabwino.

"Mama, moni ndamva. Tsopano tikambe zenizeni."

"Zenizenizo ndi zimenezo," anatero.

Ndinatchula yanga, kuwirikiza kawiri. Osati kuti ndinkaifunadi yonseyo. Umatchula pamwamba kuti mukakumane pakati, aliyense apite kwawo akuganiza kuti wapambana. Ndi ulemu umenewo.

"Ndalamayi anaikhazikitsa ndi eni wailesi," anatero Bi Zuhura. "Ine sindingawonjezere kapena kuchotsa."

Eni wailesi. Mawu amenewa ndimawamva kakhumi patsiku. Shopu iliyonse pa Kariakoo ili ndi mwini wake amene wangotuluka kumene atasiya mtengo wosasinthika, ndipo shopu iliyonse imatsitsa. Ndiye ndinatulutsa chida chomaliza. Ndinaimirira, kukonza jekete, kuthokoza mwaulemu, n'kuyamba ulendo wa kukhomo.

Kwa amene simudziwa, kuchoka kumeneku kuli ndi luso lake. Suthamanga. Sucheuka. Phazi loyamba umaponda molimba, lachiwiri mofewa, khutu n'kulisiya kumbuyo. Pofika phazi lachisanu umamva "njoo, njoo", ndiye kuti bwera, bwera, ndipo umabwerera monyinyirika ngati akukuvutitsa. Zinali zisanandikanikepo.

Phazi lachisanu linakwana. Zii. Pakhomo ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato (nsapato zake zinali zopanda zingwe). Kumbuyo ndinangomva mapepala akutembenuzidwa. Masitepe ndinawatsika ngati munthu wochokera ku opaleshoni, kupuma pansanjika iliyonse, kuwerenga zonse zomata pakhoma mpaka malangizo a zochita kukabuka moto. Pageti ndinaima. Ndinamufunsa mlonda za kwawo, za ana ake, za mmene makala akwerera masiku ano.

"Mzee, mwaiwala china?" anandifunsa patatha pafupifupi ola.

"Ndikudikira andiitane."

"Ndani?"

"Amayi apamwamba aja."

"Aja apita kalekale. Atulukira geti la kuseri, la magalimoto."

Tandiuzani, owerenga, ndi khalidwe lanji limeneli? Munthu wakuuza kuti mawu uli nawo, wakuuza ndi tsiku loyambira lomwe, ndiye iwe ukutuluka iye n'kumatembenuza mapepala? Ngakhale mayi wogulitsa tomato amadziwa kuti kasitomala wabwino samusiya afike pamsewu. Anthu apita kusukulu zaka zonsezo koma kuitana munthu sadziwa.

Kunyumba ku Mbagala amake Chisomo anandichingamira pakhomo.

"Zayenda bwanji?"

"Tikukambirana."

"Akupatsani kapena sanakupatseni?"

"Andipatsa."

"Ndiye mwalandira."

"Ndaisiya kaye kuti ipse."

"Mwanenerera," anatero. Silinali funso. "Bambo a Chisomo, mwapita kukanenerera ntchito ngati beseni."

Ndinawauza kuti iwo za malonda sazidziwa, foni ilira mawa dzuwa lisanafike pamutu.

Sinalire. Tsiku linzakelo sinalirenso. Ine kuimba sindikanaimba. Woyamba kuimba ndi amene ali ndi njala. Koma kutumiza uthenga si kuimba. Ndinaima pakati pa msika n'kujambula mawu anga pafoni, ndikulengeza mitengo ya zitenje ngati nkhani za dziko lonse, n'kuwatumizira Bi Zuhura popanda kulembapo kanthu. Katundu amene kasitomala wamusiya umamuika poonekera, kuti akamadutsa mtima uzimupweteka. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti amva. Ndinadikira. Madzulo ake anandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Munthu wamkulu ngati ine, wa ana atatu, kundiyankha ndi chala.

Tsiku lachinayi ndinaganiza zongodutsa pafupi ndi wailesiyo mwangozi (ngozi yake ya madaladala awiri, maminibasi a kuno, ndi kabaza wa njinga yamoto). Ndinamuuza mlonda kuti akawaona amayi aja awauze kuti wailesi ina yayamba kundifuna, koma ine ndine munthu wolemekeza amene anayamba kundiona.

"Hongera," anatero mlondayo, kundiyamikira ndi mtima wake wonse, mpaka kundigwira chanza. "Pitani kumeneko, mzee, musachedwe."

Nditaona kuti uthengawo sukwera masitepe, ndinasintha njira. Katundu amakwera mtengo anthu akamamufunsa. Sabata yotsatira ndinali ndi amayi asanu ndi mmodzi a maoda, onse a ku Lilongwe, anthu oti akakonda munthu amamukondadi. Ndinawapatsa nambala ya wailesi. Aliyense aimbe nthawi yakeyake, afunse kuti bambo wa mawu okoma uja ayamba liti. Anaimba. Ena anaimba kawiri. Mmodzi, mwa changu chake, ananena kuti pulogalamu yanga ya dzulo inamuliza.

Masana ake foni inalira. Bi Zuhura. Ndinaisiya ilire kanayi.

"Auzeni anthu anu asiye kuimba," anatero. "Pulogalamu sinayambe. Mawu anu awamvera pa wailesi iti?"

"Mama, mbiri ya munthu imayenda yokha."

"Mverani. Ntchito ikadalipo, malipiro ndi omwe aja. Lachisanu likudzali tikuona anthu ena. Mukabwera n'kusaina lisanafike Lachisanu, ndi yanu."

Munthu wina akanamva kuti akupatsidwa mwayi wachiwiri. Ine ndinamva zinthu ziwiri. Choyamba, aimba ndi iwo. Chachiwiri, atulutsa "anthu ena". Chida chokalamba kuposa zonse chimenecho. "Pali wina anabwera m'mawa, akubweranso ndi ndalama." Wina ameneyo ndakhala ndikumudikira moyo wanga wonse wa pa Kariakoo, sindinamuonepo nkhope. Ndinaona kuti mayiwa afewa, angotsala kukankhidwa pang'ono.

Pa Kariakoo tili ndi kachitidwe kena. Ukafuna kuti mtengo wako uoneke wachifundo, umatuma mnzako atsogole, akatchule mtengo wopenga. Kasitomala akathawa kumeneko n'kukupeza iwe, amakuona ngati mngelo. Ndiye ndinangofunika munthu wodziwa Chichewa, woti akalowe Lachisanu, akalephere mayeso, n'kutchula malipiro oti Bi Zuhura akomoke. Akatero, kawiri kanga kaja kakaoneka ngati mphatso.

Ndinasankha alamu anga a Waisoni, achimwene awo a amake Chisomo. Ndi telala komwe kuno ku Mbagala, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Sananenererepo chinthu chibadwire. Ulusi ndi mazipi ndimawagulira ndine, chifukwa akapita okha amabwera atathokoza owabera. Kutchalitchi kwathu, pa mapemphero a Chichewa, ndi amene amawerenga mawu ndi zolengeza. (Mfundo imeneyi sindinaiganizire.)

Ndinawapeza pamakina awo akupinda siketi ya yunifolomu.

"Alamu, ndikufuna mundigwirireko kantchito ka ola limodzi." Ndinawafotokozera zonse. "Akakupatsani pepala, mukawerenge mwachibwibwi, mukudumpha mizere. Akatchula malipiro, inu mukati mukufuna katatu. Basi. Kenako mutuluke."

"Si bodza limeneli, alamu?"

"Si bodza, ndi malonda."

"Nanga akandifunsa kuti ndine ndani?"

"Ndinu a Waisoni. Pamenepo pali bodza?"

Anaganiza, phazi lili pa chopondera makina, kenako anati poti ndi za ana a mlongo wawo, apita. Kalata ndinawalembera ndine, n'kuitumiza pafoni yawo. Poona kuti malaya awo abwino ndi amodzi okha, a kwaya, ndinawabwereka jekete langa.

Lachinayi m'mawa amake Chisomo anandiimitsa ndikuvala nsapato. Za alamuzo sankazidziwa.

"Lero ndi lomaliza. Pitani mukasaine."

"Mawa."

"Anati lisanafike Lachisanu. Lisanafike. Chichewa chimenechi chikukuvutani pati, inu wofuna kuchilankhula pa wailesi?"

"Amake Chisomo, ndikapita lero ndiye kuti ndagwada. Akandiona kuti ndine wotchipa, ndipo munthu wotchipa amamutuma mpaka tiyi."

"Ndiye bwanji osawiritsa tiyiyo? Kuno mumawiritsira ndani?"

Ndinawauza kuti pofika mawa masana adzandipepesa. Anati adzakonzeka. Anandipatsa chikwama changa n'kutseka chitseko mofatsa kwambiri, kutseka kuja kumene kumaposa kumenyetsa.

Lachisanu m'mawa, ya daladala nditalipira ya anthu awiri, ndinakakhala tsidya la msewu pa benchi la wogulitsa khofi wakuda wa m'timakapu tating'ono tija, maso ali pageti. Ndinawerengera mphindi makumi awiri: khumi za chibwibwi, zisanu zokomoka, zisanu zotsika masitepe. Ola linatha. Ndinamwa timakapu tinayi. Ndinaona anthu akutuluka mmodzimmodzi, nkhope zakugwa, mafayilo ali m'khwapa, ena ndikuwadziwa ndi mayina omwe. Ndinayamba kukayika kuti mwina "anthu ena" aja ulendo uno analipodi. Ola lachiwiri linatha. Kenako ndinawaona alamu akutuluka, jekete langa lili pathupi, khadi lili lende pakhosi, envelopu ili m'manja. Mlonda anaimirira n'kuwatsegulira geti lonse.

Msewu ndinawoloka osayang'ana mbali.

"Alamu, chimenecho n'chiyani pakhosipo?"

"Akuti n'cholowera pageti. Akuti ndiyambe pa wani."

"Muyambe chiyani?"

"Ntchito ija."

Ndinawakokera pamthunzi. "Chibwibwi chija chinapita kuti?"

"Ndinakonzeka ndithu, alamu. Koma pepala limene anandipatsa linali uthenga wa maliro. Mayi wina wa ku Machinga wamwalira ku Temeke, akudziwitsa abale. Ndiye munthu ungachite chibwibwi dala pa maliro a eni ake? Ndinangowerenga mmene timawerengera."

Mmene amawerengera ndimadziwa. Mawu awo ndi apansi, oyenda pang'onopang'ono. Akamalengeza za tsiku losesa patchalitchi amayi amapukuta misozi.

"Chabwino. Nanga katatu kaja?"

"Ndinatchula."

"Ndiye?"

"Ndinati, alamu anga andiuza kuti nditchule katatu."

Ndinafuna pokhala. Panalibe.

"Mwatchula ine?"

"Anayamba ndi amayi aja. Ndikungolowa anati jekete ili ndinalionapo. Ndiye nditanena za katatuzo anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anati, za alamu anuzo tamva, nanga inuyo mukufuna zingati? Ndinati zimene muli nazo. Anandipatsa cholembera."

"Inu n'kusaina."

"Ndikanakana bwanji, alamu, munthu wamkulu watambasula dzanja?"

Masitepe aja ndinawakwera awiriawiri. Bi Zuhura ndinawapeza akumwa tiyi. Ndinawauza m'Chiswahili changa chonse kuti zimene achitazi si chilungamo: ntchito inali yanga, tinali pakati pa zokambirana, munthu sagulitsa katundu kwa wina mnzake akadanenerera. Anati Lachisanu lafika ndipo ine sindinasaine. Ndinati chabwino, kawiri kaja ndachotsa, ndilandira yomwe ija. Anati yapita. Ndinati ndigwira ngakhale atachotserako pang'ono, alamu angawo ndi telala, ali ndi pogwira kale. (Inde, ndinadzitsitsa mtengo kuti ndilande ntchito ya alamu anga. Sindikunyadira, ndikungofotokoza.) Anapukusa mutu.

Pamenepo ndinatembenukira kukhoma n'kung'ung'udza m'Chichewa, poti m'chipindamo womva ndinali ndekha: "Mzimayi wouma mtima ngati uyu sindinamuone. Amuna ake ayenera kuti amasaina kaye asanadye."

Anaika kapu pansi.

"Amuna anga amadya bwinobwino," anatero. M'Chichewa. Chichewa chake chopindika, chonunkhira Chiswahili, koma Chichewa. "Amayi anga ndi a ku Mangochi. Kuyankhula kumandivuta, koma kumva ndimamva zonse. Mumaganiza mayeso aja amakuyesani ndani?"

Thukuta linauma lokha.

Anabwerera ku Chiswahili. Anati bambo awo anali ndi shopu ya nsalu pa Kariakoo, iwo anakulira kuseri kwa kauntala. Tsiku lija anandiona ndikumanga nsapato yopanda chingwe, anandionanso pawindo nditaima pageti.

"Ndiye mumadziwa kuti ndikudikira?"

"Ndimadziwa."

"Nanga osandiitana bwanji?"

"Pa wailesi nthawi ikakwana nyali yofiira imayaka, ndipo munthu amayenera kukhala ali pampando. Ndinadzifunsa kuti tsiku limene mudzakwiye n'kutuluka pulogalamu ili mkati, adzakuthamangirani pamasitepe ndani. Komabe ndinakuimbirani. Bambo anga sankaitana munthu kawiri."

Yankho ndinali nalo, ndipo linali labwino, kungoti linandifikira ndili m'daladala titadutsa kale pa Mtoni. Alamu anali pambali panga, envelopu ataikumbatira ngati khanda.

Kunyumba ndinayembekezera kuti amake Chisomo aima mbali ya amuna awo. Anamvetsera nkhani yonse ali chilili, kenako analowa kuchipinda, kutseka chitseko, ndipo ndinamva bedi likugwedera. Atatuluka, maso ali ofiira ndi kuseka, anati, "Musadandaule, ntchito sinapite kutali. Yangolakwitsa khomo." Mawa lake anaphika pilau n'kukapereka kwa achimwene awo, wowayamikira. Nkhuku yake inali yanga.

Ine sindinagonje. Ndinapita kwa alamu kukawakumbutsa kuti winga akalumikiza munthu ndi katundu amadyapo kenakake. Ndi lamulo, silinayambe ndi ine. Anavomera kuti n'zoona, ndipo anati adzandithokoza m'njira yoposa ndalama. Ndinayenera kuchita mantha pomwepo.

Pa wani m'mawa, Amalawi onse a pa Kariakoo makutu ali pa mafoni ndi pa timawailesi, alamu anatsegula pulogalamu ndi mawu awo a pa maliro aja: "Ndisanayambe, ndithokoze alamu anga, bambo a Chisomo a pa Kariakoo, amene anandipezera ntchito imeneyi. Anandilembera kalata, kundilipirira daladala, mpaka kundiveka jekete lawo. Woyamba kupatsidwa ntchitoyi anali iwo, koma anaisiya. Anthu otere ndi osowa masiku ano."

Kuyambira tsiku limenelo sindiyenda mwamtendere. Madalaivala a ku Kurasini akandiona amaliza hutala. Amayi a maoda amandipatsa moni ndi manja awiri, akuti sankadziwa kuti ndine munthu wa Mulungu chotere. Mawinga anzanga amene ndinawatsanzika aja amandifunsa m'mawa uliwonse kuti moni wawo wa Lachisanu uli pati, ndipo makasitomala awiri ndinagawa aja sanabwerere. Eni mashopu ndiye anamva nkhani yeniyeni (mlonda uja ali ndi mphwake wogulitsa mafoni pomwepa). Akandiona ndikuchoka pang'onopang'ono saitananso. Amangofunsa kuti, "Mzee, mukukatenga alamu?"

Choipitsitsa n'choti pulogalamuyo ndi yabwino. Ndimaimvera tsiku lililonse kuti ndipeze cholakwika, ndipo chimene ndapeza mpaka pano n'choti amathokoza kwambiri oimba foni.

Ndimanenabe kuti ndinalakwiridwa. Munthu wodziwa kuti mnzake akudikira kuitanidwa, iye n'kutulukira geti la kuseri, ameneyo ndi wankhanza, ngakhale amayi ake akhale a ku Mangochi. Komanso ngati pali ntchito zina zimene sanenerera, azilemba zimenezo mu uthenga womwewo, m'zilembo zikuluzikulu, kuti ena tizidziwiratu.

Sabata yatha alamu anabwera kunyumba ndi nkhani. Akuti pulogalamu yakondedwa, eni wailesi akufuna kuwonjezera ina ya Loweruka, ya mitengo ya katundu pa Kariakoo ndi mmene mlendo angagulire osaberedwa. Akuti Bi Zuhura anena kuti akudziwa munthu mmodzi yekha woti angaithe, koma munthuyo abwere ndi womuyang'anira.

Ndiye Lachiwiri tikupita awiri, ine ndi amake Chisomo. Pangano lake n'loti malipiro akangotchulidwa, iwo andiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kunena "zikomo" basi, osawonjezerapo liwu. Ndavomera. Tinangosiyana pang'ono pa kapondedwe kake. Iwo amati aponda kanayi, ndi chidendene. Ine ndinati kamodzi, ndi chala. Tagwirizana pa kawiri.